Maliro a pa Kompyuta

"Ndiye kuti mwagwirizana zoti mundiphe?"

Bambo anafunsa motero atakhala pa mpando wawo wachitsulo, magalasi akuda ali pamphuno monga mwa masiku onse. Sanakweze mawu. Chisamba akadakonda akanakalipa, chifukwa bambo ake akayankhula motsitsa chonchi ndiye kuti nkhani yawafika pamtima.

"Ndani wanena za kupha?" mayi anawomba m'manja. "Inu nkhani mumaigwira kumchira. Ndati ndi pa kompyuta pokha. Mwana adina kabokosi, basi. Mawa mudzuka, musamba, mumwa tiyi wanu ngati lero."

"Kabokosi kakuti chiyani?"

"Kakuti... simulipo."

"Nenani bwinobwino, make Chisamba, musachite manyazi. Kakuti ndidamwalira."

Chisamba anali pakona, manja ali m'beseni la mbale, koma mbale imene ankatsukayo inali itayera kalekale. Nkhaniyo inali yake. Iye ndiye mwana woyamba m'nyumbamo, n'chifukwa chake bambo ake ankangomutcha Chisamba mpaka dzinalo lidamera. Chaka chatha adasankhidwa kupita ku koleji, nalemba pa intaneti kupempha thandizo la boma la maphunziro. Adalemba zoona zokhazokha: mayi alipo, amagulitsa masamba pamsika; bambo alipo, ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo. Yankho lidabwera pafoni loti iye sali m'gulu la osowetsetsa. A ku koleji adamusungira malo chaka chimodzi chokha. Akalephera ulendo uno, malowo apita kwa wina.

"Chaka chatha tidanena zoona," mayi anapitiriza, "zoonazo zidatipatsa chiyani? Mwana wakhala chaka chonse akundithandiza kuwaza madzi pa masamba. Anzake amene ankawaphunzitsa masamu ali ku koleji, akabwera ku tchuthi amamupatsa moni wa chisoni. Kompyuta ija ikamva kuti bambo ndi mmisiri, imaganiza kuti m'nyumba muno timadya ndi mafoloko. Siidziwa kuti maso anuwo moto udawadya kale, kuti geti lomaliza mudalipanga mwanayu asanalembe mayeso."

"Nanga osalemba zimenezo bwanji? Lembani kuti bambo alipo koma maso adapsa."

"Pamenepo akufuna kalata ya dokotala wa maso, Ababa," Chisamba anayankha chapansipansi. "Tidapita paja, adatiuza kuti mzere wake ufika chaka chamawa. Kulemba akutseka sabata ino."

"Mwamva? Papsa tonola, bambo ake Chisamba, sudziwa mtima wa moto."

"Ndipo ukasauka usamagwire nyanga," bambo anabweza. "Ine ndakulira pa moto wa zitsulo. Chitsulo ukachilumikiza mwachinyengo, n'kupaka penti pamwamba, chimakongola ndithu, koma tsiku lothyoka chimathyokera mwana wa mwini nyumba. Ndiye malodza amenewa, munthu ndikupuma, mundilembere maliro? Mako ndi mako angachepe mwendo. Kapena mwambiwu abambo suwakhudza?"

"Kukhalapo kwanuko ndiye kukumutsekera mwana njira!"

Mawuwo atangotuluka, mayi anagwira pakamwa. Koma madzi akatayika saoleka. Bambo anavula magalasi, napukuta maso awo ofiira aja ndi kansalu, kenako anatembenukira kumene kunkamveka mbale.

"Chisamba, mwana wanga, ukalembe kuti ndilipo. Wamva?"

"Ndamva, Ababa."

M'mawa mwake, bambo ali kosamba, mayi anapisa m'thumba la jekete yawo imene inkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, natulutsa chiphaso chawo. Anachifumbatitsa m'dzanja la Chisamba osamuyang'ana kumaso.

"Ine sindinapite kusukulu, sindikuuza chodina. Ungokumbukira kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako."

Kashopu ka makompyuta kanali pakati pa wometa ndi wogulitsa zitsulo za njinga. Mkati munkanunkha fumbi lotentha ndi thukuta la anthu odikira. Mwini wake anthu ankamutcha a Dinani, chifukwa pakamwa pake sipankachoka mawu akuti "dinani apa". Anali munthu wosalala, wa mafuta onunkhira, woseka ndi mano onse ngati mudabadwa naye m'mimba imodzi.

Tsamba la boma linkatseguka mwaulesi, abale, kagudumu kali zungulire zungulire ngati galu wofuna pogona. Litatseguka, Chisamba analemba za iye mwini, za sukulu, za mayi ake. Kenako anafika pa funso lija: Bambo. Pansi pake timabokosi tiwiri, Wamoyo ndi Womwalira. Panalibe kachitatu.

"Apa ndi pamene pamasiyanirana wa ku koleji ndi wogulitsa masamba," a Dinani anatero ataweramira paphewa pake. "Chaka chatha udadina kumanzere, si ndidakuuza? Kompyuta ilibe maso, mwana iwe, imangowerenga. Wamasiye imamukweza pamwamba, wa makolo onse imamuponya kumchira, kaya makolowo akudya mphepo."

"Bambo anga akana."

"Onse amakana! Ine mumsewu uno ndaika m'manda azibambo angati? Wometa uyu, mukumumva akuimba mluzuyu, adamwalira chaka chatha. Mwana wake akuphunzira za unamwino. Wamuona atawonda?"

Anthu amene ankadikira pa benchi anaseka. Chisamba sanaseke.

"Kalata ya imfa ndikukonzera pompano, ya chidindo chake chomwe. Bweretsa chiphaso chawo. Eya. Tsopano sankha: amwalire liti?"

"Pepani?"

"Tsiku, mwana iwe. Munthu samwalira wopanda tsiku. Tiike nyengo yozizira yapitayi? Nanga matenda? Ngozi ayi, amafuna kalata ya apolisi. Tiike chifuwa. Chifuwa chimakoma, palibe amene amafunsa."

Makina osindikiza analira, nalavula pepala lofunda. Chisamba anaona dzina la bambo ake litalembedwa bwinobwino, osaphonya ndi chilembo chimodzi chomwe. A Dinani anajambula pepalalo, nalikweza pa tsamba lija, kenako anapinda manja kumbuyo.

"Ine sindidinira munthu, dzanja langa ndi loyera. Dina wekha."

Anaganiza za mawu a bambo ake. Anaganizanso za beseni la masamba, za ntchentche za pamsika, za moni wa chisoni uja. Kumbuyo wina anadandaula kuti anthu enafe tikudikira. Chala chake chinatsika chokha. Kaphokoso kake kanali kakang'ono zedi, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake ali pakhonde, akupalasa dzimbiri pa bokosi lakale lachitsulo, akulipapasa ndi zala poti maso sankawathandiza.

"Wabwera, Chisamba? Ndamva mapazi ako. Walemba chiyani za ine?"

"Ndalemba kuti mulipo, Ababa."

"Eya! Mwana wa ine ameneyo." Anamenya bokosilo ndi chikhatho, likulira. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo uno akupatsa, mtima wanga ukundiuza. Bokosi ili ndi lako, lopitira ku koleji. Ndiliika zogwirira zatsopano, anzako akakufunse kuti adakupangira ndani."

Chisamba analowa m'nyumba mothamanga, nabwezera chiphaso m'jekete muja. Jeketeyo inali lende pa msomali, mapewa ali gwa, ngati mwini wake wangotulukamo osabwereranso. Kuyambira tsiku limenelo sankafuna kuiyang'ana.

Masabata otsatirawo mtendere unamuthawa. Bambo akachedwa kochezera anzawo, iye ankaima pamsewu mtima uli m'mwamba. Masana ena anawapeza atagona chagada pa mphasa, manja ali pachifuwa, magalasi ali pambali. Anaima pakhomo, kenako ananyang'ama n'kuika dzanja pafupi ndi mphuno zawo. Mpweya wofunda utamukhudza anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa bafa.

Ndiye ngati dala, fumbi la dzimbiri lija linawayambitsa chifuwa. Akati khoso khoso, supuni inkagwa m'manja mwa Chisamba.

"Amayi, ndi chifuwa," anawanong'oneza kukhitchini. "Ndidalemba chifuwa."

"Khala chete iwe! Chifuwa chidayamba ndi kompyuta? Anthu sankatsokomola kale?"

Ankatero pakamwa pokha. Mayi omwewo, amene kale ankangoti madzi ali pamoto katengeni, anayamba kuwaperekera bambo madzi osamba mpaka kubafa, kuwaphikira tiyi wa mandimu, kuwasankhira nthuli yaikulu.

"Kodi mwandilota, make Chisamba?" bambo anaseka tsiku lina. "Chisamaliro chimenechi ndidachiona komaliza tili pa chibwenzi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, paja amatero."

Anaseka okha. Mayi anadzuka kukayang'ana mphika umene sunali pamoto.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku limenelo dzuwa linali litakwera, mayi anali asanapite kumsika, ndipo bambo anali atazula chitseko cha kutsogolo chimene chinkakhula pansi. Anagwada pakhomo, nyundo m'manja, akuwongola hinjesi. Chisamba ankawagwirira chitsekocho. Pamenepo pabwalo panafika mayi wina wa siketi yotuwa, nsapato zili mbuu ndi fumbi, chiphaso cha ntchito chili pakhosi, foni yaikulu m'manja.

"Odi kuno! Ndachokera ku ofesi ya thandizo la maphunziro. Ndikufuna pakhomo pa malemu aja owotcherera zitsulo, mwana wawo adalemba kupempha thandizo. Ndi pano?"

Nyundo inaima m'mwamba.

Chisamba anagwiritsitsa chitseko chija. Mayi ake anatulukira kukhitchini, chitenje chili m'manja, nangoima ngati mtengo. Nkhuku ya aneba inadutsa pabwalo ikutolatola, osadziwa kanthu.

Bambo anatsitsa nyundo pang'onopang'ono, naiika pansi mosamala ngati dzira.

"Mwafika," anatero.

Mlendoyo anakhala pa mpando wachitsulo uja, wa bambo, navula nsapato imodzi kuti phazi lipume. Sanali munthu woipa ayi, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka kwambiri. Nkhope yake inali yotopa, ya munthu amene wayenda m'makomo ambiri.

"Musaope, timangoyendera kuti tione ngati zolembedwa zili zoona. Anthu akutinamiza, mayi, mpaka manyazi amagwira ife. Dzulo lomweli ndapeza malemu akumeta anthu, mluzu uli pakamwa. Mwana wake ndiye wachotsedwa ku sukulu, sadzalembanso. Ine zimandiwawa, koma nanga nditani? Thandizoli ndi lochepa, amasiye enieni akulisowa." Anayang'ana Chisamba. "Ndiwe mwana wake? Pepa, mwana wanga. Inenso bambo anga adandisiya ndili msinkhu wakowu. Ndikudziwa mmene nyumba imazizirira."

"Zikomo," Chisamba anayankha.

Mayi wa ku ofesiyo anafunsa za lendi, za msika, za ana ena, akudina pafoni yake. Kenako anakweza mutu, naloza ndi chibwano kwa munthu wogwada pakhomo uja.

"Nanga awa ndi ndani?"

Chisamba anayang'ana mayi ake, koma mayi anali kuyang'ana pansi. Anayang'ana bambo ake. Iwo anali atalozetsa nkhope kwa iye, ndipo m'magalasi akudawo anangodziona yekha, kawiri, wamng'ono. Sanamuthandize, sanamuletse. Ankadikira.

"Ndi... ndi mmisiri," anatero. "Abwera kudzatikonzera chitseko."

Mapewa a bambo anatsika pang'ono, ngati munthu amene watulidwa katundu kapena wasenzetsedwa, Chisamba sanadziwe.

"Ndi momwemo, mayi," bambo anavomera. "Chimakhula pansi."

"Malemuwa munkawadziwa?"

"Kwambiri. Tidakulira limodzi, ntchito tidaphunzira limodzi."

Mlendoyo anakuza chithunzi cha pa chiphaso chija pafoni yake. Chinali chakale, chojambulidwa bambo ali ndi masaya, tsitsi lili bii, maso ali gaa. Anachiyang'ana, nayang'ananso mkulu wa imvi wogwada pa simenti, ndipo sanaone chilichonse chofanana.

"Anali ndi maso owala bwanji," anatero. "Anali munthu wotani?"

"Wouma mutu," bambo anayankha. "Ankati iye bodza ayi. Ankayesa kuti munthu ukakhala ndi manja awiri ndi dzina labwino, ana ako sangagone panja. Mageti a mumsewu uno ambiri ndi ake, mukawagwedeze, simupeza lothyoka. Koma mwana wake woyamba adalephera kumutsegulira geti la sukulu."

"Musatero, bambo, za malemu timanena zabwino."

"Ndiye zabwinozo ndikunena. Mwanayu ankamukonda kuposa maso ake. Akadadziwa msanga kuti boma limamva bwino munthu akagona m'manda, bwenzi atafulumira. Pa zonse zimene adamuchitira mwana wake, chimene chathandiza ndi kufaku."

Mayi ake a Chisamba analira mokweza, kulira kwenikweni kwa pamaliro, atagwira mutu. Chisamba naye misozi inangoti chu, osaigwira. Mlendoyo anapukuta m'maso mwake, nadina komaliza pafoni.

"Apa palibenso chofunsa, ndaona ndekha. Pepani ndakutsegulani bala." Anavala nsapato yake, naimirira. "Mudziwe kuti timabwera chaka chilichonse mpaka mwana amalize, nthawi zina osanena, ndipo timafunsanso aneba. Koma inu musade nkhawa, wolungama saopa mlendo. Mmisiri, akonzereni bwino amasiyewa, musawadulitse."

"Sindiwalipiritsa, mayi."

Atapita, Chisamba anadikira mkuntho. Anafuna kuti bambo ake amukalipire, amutukwane, ngakhale kumuponyera nyundo. Koma iwo anangomuuza kuti akweze chitseko pang'ono kumanja, nakhoma hinjesi, nachiyesa kawiri. Chinatseka bwino osakhula. Anatolera zida zawo m'thumba.

"Chitseko chatha, mayi," anauza mkazi wawo.

"Bambo ake Chisamba, ndine ndidamutuma. Mwanayu alibe mlandu, kalipirani ine."

"Ababa, ndikhululukireni," Chisamba anagwada n'kugwira mwendo wawo. "Mawa ndipita kwa a Dinani, ndikafafaniza zonse."

"Ukafafanize kuti akuchotse ngati mwana wa wometa? Ndiye ndidzakhala ndafera chiyani?" Anamugwira pamutu ndi dzanja lawo lokhakhala lija. "Dzuka. Walira mvula walira matope. Matopewo ndiponda ndine."

Madzulo omwewo anatenga mphasa, bulangeti ndi jekete yawo, nasamukira ku kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, kumene ankasungirako zitsulo. Mayi anawachonderera mpaka mawu anasasa.

"Mwamva nokha, amabwera osanena," bambo anayankha. "Akadzapeza mmisiri ali pabedi la malemu, mudzati abwera kudzakonza chiyani?"

Pa msomali paja panatsala banga loyera pakhoma, pamene jekete inkatchinga fumbi. Aneba anamva nkhaniyo, monga amamvera zonse, ndipo poti ambiri anali ndi maliro awo a pa kompyuta, palibe anaseka. Anangosiya kuwatchula bambo ake Chisamba. Ana a mumsewu anaphunzitsidwa kunena kuti amisiri. Munthu amene adakhala pakhondepo zaka zonsezo akupatsa moni odutsa, tsopano ankadzera njira ya kuseri, mutu uli pansi.

Uthenga unafika Chisamba akuchapa. Anapukuta manja pa siketi, nawerenga, nawerenganso: pempho lake lavomerezedwa, thandizo lonse, mpaka adzamalize. Mayi anayamba kululuta, koma nthungululuyo inafera pakhosi. Anakhala pansi awiriwo, foni ili pakati pawo, ngati anthu olondera mtembo.

Kenako pa chitseko panamveka kugogoda.

"Odi!"

Chisamba anatsegula. Anali bambo ake, ataima pansi pa sitepe, chipewa chili m'manja, bokosi lachitsulo lija lili pamapazi awo. Anali atalipaka penti yobiriwira, zogwirira zatsopano zili waliwali.

"Ndamva nthungululu," anatero. "Ndati ndibweretse katundu wa eni ake."

"Andipatsa! Andipatsa, Ababa!" anafuula Chisamba. "Mukuodiranji pakhomo panu? Lowani, chonde. Nyumba ino ndi yanu, mpando wanu uli pomwe paja. Ababa, lowani!"

Bambo anamwetulira, ndipo kwa kanthawi nkhope yawo inafanana ndi ya pa chiphaso ija. Phazi limodzi linanyamuka kulunjika pa sitepe. Pamsewu panadutsa munthu, nsapato zikulira pa miyala. Iwo anatchera khutu, phazi lija n'kubwerera pomwe linali.

"Tsitsa mawu, mwana iwe," ananong'ona. "Angakumve."